Amalume Ankafungatira Mtanda

Amalume anali dalaivala wa lole, munthu wosakhazikika ngakhale pa benchi ya m'tchalitchi. Sitiroko itawagwira, mbali yonse yakumanzere inafa, ndipo dziko lawo linatsala bedi, zenera ndi khoma. Pakamwa pokha ndi pamene panapulumuka, ndipo tonse tinapamva kuwawa kwake.

"Mukundisungiranji ine? Mbuzi yothyoka mwendo amaizinga," ankatero kwa akazi awo tsiku ndi tsiku.

Akazi awowo, amene ife timati azakhali, ankaphika buledi wogulitsa pakhonde. Ankasungunula yisiti m'madzi ofunda ndi kashuga, kudikira thovu, kuthira mu ufa wa tirigu ndi mchere, kenako kukanda mpaka mapewa kuphwanya. Vuto linali nyumbayo. Dzuwa silinkalowamo, ndipo m'nyengo yozizira mtanda unkangokhala m'beseni osafufuma.

Tsiku lina m'mawa azakhali zinawakwana zonse ziwiri, mtanda ndi madandaulo. Anavindikira beseni ndi kansalu, n'kukalilowetsa m'bulangete pambali pa amuna awo.

"Bambo, mumati mulibe ntchito. Nayi. Thupi lanulo limatentha ngati injini, fungatirani ichi."

"Ndasanduka nkhuku tsopano?"

"Nkhuku imafungatira mazira osalongolola."

Mtanda unafufuma mpaka kukankha nsalu. Kuyambira pamenepo amalume anakhala munthu wapantchito. Ankaika dzanja lawo lamoyo pansalupo, ndipo likakwera mokwanira ankaitana kuti, "Mayi, wakwana, yatsani uvuni." Wina akasiya chitseko chotsegula ankakalipa kuti tiwaphera mwana ndi mphepo. Ife tikayamikira buledi, ankati, "Wophika ndine, awa amangokanda." Za mbuzi zija sitinazimvenso kwa zaka.

Kenako mwana wawo wamkulu, wokonza zamagetsi, anabwera kudzacheza. Ataona beseni pabedi anachita manyazi.

"Amayi, anthu akadziwa kuti bulediyu amachokera m'bulangete la wodwala, adzagulanso?"

Anakhoma bokosi lamatabwa, n'kuikamo babu kuti muzitentha. Ankafuna zabwino msuwani wangayo, koma mpaka lero ndikaliona bokosilo mtima umandiwawa. Chopweteka kwambiri n'chakuti linkagwiradi ntchito, mwina kuposa amalume.

Amalume sanadandaule, ndipo zimenezo ndi zomwe zinatiopsa. Anatembenukira kukhoma. Chakudya chinkabwerera momwe chapitira. M'mawa dzanja lija linkangosisita bulangete pamalo popanda kanthu.

Azakhali anapirira masabata angapo. Kenako anamasula babu lija, kuliponya m'thumba la epuloni, n'kulowa kuchipinda ndi beseni.

"Bambo, chibokosi chija chafa. Tithandizeni."

"Babu likuonekera m'thumbamo, mayi."

"Ndiye mukukana?"

Kenako amalume anati, "Bweretsani kuno."

Anayambiranso, koma thupi linali litatha. Mtanda unkachedwa kukwera. Azakhali anayamba kuwonjezera yisiti mobisa kuti amuna awo asazindikire, ndipo ine ndikukhulupirira kuti amalume ankadziwa, ankangowasiya.

Tsiku lomalizalo ndinalipo. Azakhali analowetsa beseni m'bulangete, amalume n'kuti, "Musatsegule zenera." Tinapita kukhitchini kukapaka mafuta m'zitini. Tinamaliza, tinatsuka m'manja, tinakhala pansi. Nthawi yoitana inakwana n'kudutsa. Azakhali anaimirira, napukuta manja amene anali ouma kale, n'kulowa kuchipinda ine ndili pambuyo.

Dzanja linali pansalu pomwe lija. Mtanda unali utakwera theka la beseni n'kuima. Azakhali sanayambe ndi kukhudza amuna awo. Anakhudza beseni, ndipo linali lozizira.

Anthu asanadzaze nyumba, anauphika mtandawo. Buledi anatuluka wamfupi, wolemera, woti palibe angamugule. Ndinafunsa ngati ndikamutaye.

"Usataye," anatero azakhali, uku akufuna mpeni. "Apa ndi pamene mphamvu zawo zinathera. Tidya."