Mikanda ya pa Banjo ya Atsibweni

Dzulo mdzukulu wanga amasungunula phula la njuchi, ndipo fungo lake linandibweza kwathu kwa Mwambo, nthawi ya Chitaganya, ndili kamtsikana.

Atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, ankasema mabanjo. Akamaliza kusema, ankakumba timaenje ndi msomali kuzungulira bowo la banjoyo, n'kuthiramo phula lotentha, n'kumatamo tizidutswa ta zigoba za nkhono za ku Chilwa. Tsiku lina zigobazo zinawathera. Ine pofuna kutamidwa, ndinakapisa m'dengu la amayi, pansi penipeni pa nsalu, n'kupezamo mikanda yofiira, yoyera ndi yakuda. Chingwe chake ndinachidula ndi mano.

"Waitenga kuti iwe?" anandifunsa atsibweni.

"Ndatola m'njira ya ku Kachulu."

Anaimata umodziumodzi, ndipo banjo inakongola zedi.

Lamulungu masana, titaweruka kutchalitchi, anabwera nayo pakhomo pathu, anthu atadzaza pabwalo. Abambo anailandira akuseka, n'kuitembenuzira kudzuwa. Kuseka kuja kunathera pomwepo. Inali mikanda ya m'chiuno ya amayi, yomwe saiona wina koma mwamuna wako, nanji mlongo wako kuigwira! Ine zimenezo ndikanazidziwira kuti?

Amayi anatuluka m'nyumba ndi lichero la mpunga. Anayang'ana banjo, anayang'ana mlongo wawo, kenako anadziphimba kumaso ndi nsalu.

"Alamu, mikandayi mwaipeza kuti?" anafunsa abambo motsitsa mawu.

Atsibweni anacheukira kwa ine. Kachingwe kaja, ndi mikanda itatu yotsala, ndinali nditakamanga padzanja ngati chibangili.