Rute ndi Mavalavu a M'wayilesi Yakale

Chaka chimene Rute analephera mayeso a Folomu 4 kachiwiri ndi chomwenso mayi ake, mayi Agnesi, anatisiya. Ngati inu owerenga munalepherapo kanthu, mukudziwa kuti chowawa kwambiri si kulepherako, koma moni wa anthu a m'mudzi, uja amakupatsa motsitsa mawu ngati akukupepesa.

Kwawo kunali kufupi ndi Kasakula, ku Ntchisi. Bambo ake, a Moffat, anayamba kuphunzitsa kwaya ya patchalitchi Rute asanabadwe, koma tsopano makutu anali atayamba kuwathawa. Kwaya anasiya, macheza anasiya. Ankangokhala pakhonde n'kumatembenuza kaseti imodzi m'manja. M'kasetimo munali nyimbo za amayi a Chigwirizano, ndipo wotsogolera nyimbozo anali malemu mkazi wawo. Akayiika m'wayilesi sankamva kanthu. Akakweza, ankati phokoso likuwalasa m'khutu ngati singano.

"Mawu a amayi ako ndayamba kuwaiwala," anatero tsiku lina.

Zimenezi zinamupweteka Rute kuposa mayeso aja, ndipo analumbira chamumtima kuti bambo ake adzaimvanso kasetiyo.

Anapempha ntchito kwa a Reinford, okonza mawayilesi ndi mafoni pa Kasakula. Anayamba ndi kusesa, kenaka anamulola kulumikiza mawaya. Anzake ankamuseka kuti mtsikana wamkulu wasiya khasu n'kumatola zinyalala, iye n'kumangoseka nawo. Pakona pa shopuyo panali chiwayilesi chakale chamatabwa, ndipo m'kati mwake munali tinthu tagalasi tonga mababu.

"Amenewo ndi mavalavu," anatero a Reinford. "Amakweza mawu koma mosakalipa. Tenga ngati ukuwafuna, ine angonditsekera malo."

Rute anafufuza pafoni mpaka anapeza chithunzi cha kapangidwe ka ampulifaya yaing'ono, kachipangizo kokwezera mawu opita m'mahedifoni, koyendera batire la galimoto. Chinatsala n'kusankha zida zoti aikemo, ndipo apa m'pamene anagwa nayo.

Rute anali mwana wa mlimi. Kwawo posankha mbewu ya chimanga amatenga chisononkho chachikulu, chonenepa, n'kuchipachika padera. Ndiye atafika pa mulu wa mawayilesi akufa anachitanso chimodzimodzi. Makapasita, timigolo tija timasunga magetsi, anatola akuluakulu okhaokha. Chilichonse chooneka chonenepa chinkalowa m'thumba mwake, iye mtima uli m'malo kuti wasankha mwanzeru.

Atayatsa, m'mahedifoni munangomveka kulira ngati njuchi zili m'phanga. Posakhalitsa kapasita imodzi inaphulika, shopu yonse n'kununkha. Chimene sankadziwa n'chakuti zikuluzikuluzo ndizo zinali zokalambitsitsa, zouma kale m'kati. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anazula zonse n'kuikamo zina, zikuluzikulunso. Njuchi zija zinabwerera. Anazulanso zonse. Anthu anafesa fodya, anawokera, anathyola, Rute akadali pa zomwezo. Mapeto ake analongedza zonse m'katoni n'kupita nazo kunyumba. Mumtima mwake anali atavomereza kuti iye ndi munthu wolephera basi, kusukulu ndi kunja komwe.

A Moffat anaiona katoniyo n'kufunsa. Rute anawafotokozera atayandikiza pakamwa kukhutu kwawo. Mkuluyo anamufunsanso.

"Ukamazula, umazula zonse pamodzi?"

"Eya, ababa."

"Ndiye wolakwa udzamudziwa bwanji? Nyimbo ikasokonekera, kwaya yonse suithamangitsa. Umakhazika pansi mmodzimmodzi, enawo akuimbabe, mpaka nyimbo itayera. Ndipo usanyengeke ndi thupi, mwanawe. Ine oimba bwino anga ambiri anali anthu ochepa thupi."

M'mawa mwake katoni inabwerera ku Kasakula. Rute anayamba kusintha chida chimodzi, n'kumvetsera, n'kusinthanso china. Inali ntchito yotopetsa, yosayenera munthu waphuma, koma paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Makapasita akale anawachotsa imodziimodzi, n'kuikamo ang'onoang'ono ochokera m'wayilesi yakanema yomwe inangosweka galasi. Kulira kuja kunayamba kuchepa. Mavalavu anawayesa payekhapayekha mpaka anapeza awiri omveka mofanana, lina la khutu lamanja, lina lamanzere. Mahedifoni anasankha ophimba khutu lonse, chifukwa aja olowetsa m'kati bambo ake ankadana nawo.

Lamulungu lina atabwerako kutchalitchi, anaika kabokosi kamatabwa ka ampulifaya ija pampando wa pakhonde n'kukalumikiza ku wayilesi ya kaseti. Mavalavu anatenga nthawi kuti atenthe, kenaka anafiira ngati makala. Anawaveka bambo ake mahedifoni n'kuyatsa kaseti.

Ndime yoyamba inatha a Moffat ali duu, maso ali kumapiri. Rute anachita mantha. Anali atatambasula kale dzanja kuti azimitse pamene anaona chala cha bambo ake chikugunda pabondo, chikutsata nyimbo.

Mwadzidzidzi chalacho chinaima m'mwamba.

"Achedwa," anatero a Moffat mokweza, monga amayankhulira munthu amene wavala mahedifoni. "Amayi ako achedwa kulowa ndime yachiwiri. Ndinkawauza nthawi zonse, koma sankamva."

Ankaseka, misozi ikutsikira m'ndevu. Rute naye analira, koma kulira kwake kunali kwa chimwemwe.

"Tabwezera pomwepo," anatero mkuluyo. "Ndikufuna ndiwamvenso akuchedwa."

Lero Rute ali ndi shopu yakeyake, ndipo makwaya a ku Ntchisi ndi ku Dowa amamubweretsera zokuzira mawu zawo zikavuta. Satifiketi alibe mpaka pano, ndipo sabisa.

Inu amene mwalongedza kale zanu m'katoni, taimani kaye. Mwina si moyo wanu wonse umene walakwika. Mwina n'kanthu kamodzi kokha, ndipo simungakapeze mukamagwetsa zonse nthawi imodzi. Sinthani chimodzi, mvetserani, mupitenso pa china. Musataye mtima nyimbo isanayere.