Matemba m'madzi a mchere

Mpaka lero ndikamva firiji ikung'ung'udza m'sitolo, ndimaima kaye n'kumvetsera. Imandikumbutsa kamakina kopopa mpweya kamene kankalira pabalaza pathu, pa boma la Mchinji, chilimwe chimene ndinali Sitandade 4.

Bambo anali mphunzitsi wa sayansi, munthu wa maloto achilendo. Anamata magalasi kukhala bokosi, n'kudzazamo madzi a mchere, kamakina kaja n'kumapoperamo mpweya usana ndi usiku. Dalaivala wina wa lole wodzera ku Zambia anawabweretsera miyala ya m'nyanja yaikulu ya ku Tanzania, yokulunga m'masaka onyowa, yonunkha ngati dzira lovunda. Koma nsomba munalibe; dalaivalayo analonjeza kudzabweretsa za m'nyanja yomweyo ulendo wina. Bambo ankati madziwo ayambe akhwima kwa milungu ingapo, kuti tizilombo tosaoneka todya zonyansa tichuluke m'miyalamo. M'mawa uliwonse ankatunga madzi m'kabotolo, kudonthezamo mankhwala, n'kulemba mtundu wake m'kope.

Masiku amenewo katundu wochokera kutsidya kwa malire ankaika munthu m'mavuto. Kumpopi kunayamba manong'onong'o akuti aphunzitsi ali ndi wayilesi yolankhulira ndi zigawenga, ndipo za m'kopemo ndi mauthenga. Amayi chakudya chinasiya kuwalowa. Ine ndinali nditaona kale bambo ake a Esinati, mnzanga wa m'kalasi, akuwakweza m'galimoto, ndipo sanabwerenso. Ndinkachita mantha osaneneka.

Loweruka lina Esinati anandinong'oneza kuti anyamata a malaya ofiira, aja ankafunsa makadi a chipani pamsika, abwera kwathu masana. Nzeru zanga zinandiuza kuti chikutipachika ndi bokosi la nsomba lopanda nsomba. Ndinathamangira kudambo ndi chitenje cha amayi, n'kukokola matemba asanu. Bambo ali kuseri, ndinaponya matembawo m'bokosi muja. Anazungulira ngati amisala, kenako onse anatembenuza mimba ine ndikuona.

Anyamatawo anafika atatu. Wamkulu wawo anatsata waya wa kamakina kaja mpaka pakhoma, anasanthula kope lija, kenako anaviika chala m'madzi n'kulawa. Analavula.

"Aphunzitsi, ndiye mumathira mchere nsomba zikadali zamoyo?"

Bambo anayang'ana matembawo, n'kuyang'ananso chitenje chonyowa chili m'manja mwanga. "Ndimayesa zikhala, bwana," anatero akutikita manja.

Anyamata aja anaseka mpaka kugwira khoma, n'kumapita. Kuchokera tsikulo boma lonse linkawatchula bambo kuti a Mchere.

Madzulo ndinadikira chikwapu, poti ndinkati ndawaonongera madzi. Iwo anangovuula matemba anayi, limodzi n'kulisiya liwolere momwemo, ati n'chakudya cha tizilombo tija. Madzi anakhwimadi, koma dalaivala uja sanabwerenso ndi nsomba zake zokongola.

Nthawi imeneyo ndinkachita manyazi kuti bambo anga, ophunzira chotero, atchula bwana mnyamata amene anamuphunzitsa okha. Lero ndikudziwa chifukwa chake dzina lachipongwe lija ankaliyankha mokondwa. Munthu wosekedwa sankamukweza m'galimoto.