Ketulo ya Amama pa Katoni

Fungo la fodya wouma m'chigafa limandibwezera kwathu, kuseri kwa Jenda, chaka chimene amama anachoka. Adada anali atakwatira wina ku Joni, ndipo akuluakulu anagamula kuti fodya akangogulitsidwa amama abwerere kwawo ku Kasungu. Ine ndinali wotsala, poti ng'ombe za malowolo zinaperekedwa kale, ndiye mwana ndi wa kuchimuna. Ndinkazimva zonsezi, koma ndinkaziyesa nkhani za akulu basi.

Nyengo imeneyo mng'ono wa adada, a Chiukepo, anali pakhomo ndi mwendo wothyoka, mtengo utawagwera ku Luwawa. Ankakhala m'chigafa kusankha fodya, ndipo akatopa ankang'amba katoni ya sopo n'kutola pensulo. Sankajambula magalimoto ngati anyamata a kusukulu. Ankandituma kukhitchini.

"Tiwonge, katenge ketulo ya amama ako. Usaitsuke."

Ketuloyo inatuluka pakatoni ndi mwaye wake, ndi waya amene amama anamangira chogwirira, ndi popindika pamene inagwera pafuwa. Ndinakhudza mwayewo n'kuyang'ana chala. Kenako anajambula lichero ndi chigamba chake cha saka, ndi mthiko wodyeka mbali imodzi, chifukwa amama ndi amanzere. Chinthu chimodzi ankatha nacho masana onse, mphepo ya chisanu ikugwedeza masamba pamwamba pathu.

Amama ataona anagwira pakamwa. "Alamu, mwasowa chojambula? Anthu aziti ndilibe ziwiya."

"Zatsopano zili m'sitolo pa Jenda, mulamu. Izi ndiye zanu."

Amama anaseka, koma mawa lake anabweretsa okha kapu yawo yobenthuka kukamwa, n'kuiika pamphasa. Ine ndinapempha kuti ajambulenso amamawo. A Chiukepo anapukusa mutu. "Nkhope mbwenu sinditha, mwana wanga."

Tsiku lochoka, ziwiya zonse zinalowa m'thumba la feteleza, zikulira ngwerengwere pa njinga yopita kokwerera basi pa Jenda. M'khitchini munatsala mafuwa ndi phulusa. Madzulo ake a Chiukepo anandipatsa makatoni onse atawamanga ndi luzi, ndipo ndinawalandira mokwiya. Ndinkafuna amama, iwo akundipatsa ketulo.

Pa nthawiyo ndinkaganiza kuti ankangotayitsa nthawi podikira mwendo kupola. Lero, ndikutsuka mbale mwana ali kumsana, ndimakumbukira kuti pakhomo paja panali ziwiya zambiri, za azakhali zonyezimira kuposa zathu. Sananditumepo ngakhale chimodzi. Ankasankha zokhazo zimene zinali kudzakwera basi.