Njira Yokhota ya M'paki

Tcheyamani wa chipani atalengeza kuti m'mbali mwa kamtsinje ka kumunsi kwa komboni yathu ya Kalingalinga mumangidwa paki, ambiri tinaganiza kuti akunena malo oimikapo magalimoto. Tinaseka, poti komboni yonse inali ndi njinga basi. Anafotokoza kuti ndi malo a kapinga ndi mabenchi, opumirako anthu. Ine sindinadane nazo mpaka tsiku limene ndinaona zikhomo ndi chingwe.

Chingwecho chinkasonyeza modzadutsa njira ya simenti, ndipo chinadutsa ndendende pamene panagona mwana wanga woyamba. Anabadwa wakufa kale, mtayo. Kwathu kum'mawa mwana wotere saliridwa maliro ndipo sapita kumanda. Amakamuika amayi okhaokha, m'dzenje losazama, ponyowa pafupi ndi madzi, amuna osadziwa n'komwe malowo. Ngakhale mwamuna wanga sankawadziwa. Tsono ndikanauza bwanji kapitawo, mwamuna wachilendo, kuti mapiki ake afukula chiyani?

Ine ndine wa liuma chibadwire. M'mawa mwake, popita kukatunga madzi, ndinazula zikhomo zitatu n'kuzikhoma chapatali. Kapitawo anazibweza. Ndinazulanso, iye n'kubwezanso. Tsiku lachinayi anandipeza nditakhala pamalopo, miyendo nditatambasula.

"Bamama, ni imwe muvuta na vikhomo vanga?" anafunsa kapitawoyo. "Chokani, tifuna kusebenza."

"Sinichoka, bakapitawo."

"Chifukwa chani?"

Mtima unkandiwawa koopsa, ndipo ndinkaopa kuti anditengera kwa tcheyamani ngati mdani wa chitukuko, mlandu umene masiku amenewo sunali wamasewera. Koma kutchula sindikanatha.

Dzuwa litafika paliwombo, kunabwera amayi awiri achikulire amene anandiikira mwanayo zaka zija. Sindinawaitane ine. Anayala zitenje zawo n'kukhala pambali panga, mmodzi uku wina uku. Anyamata a mapiki anaima kutiyang'ana. Wamkulu mwa amayiwo, wogulitsa makala pamsika, anayang'ana kapitawo nati:

"Mwananga, kwanu ni kuti?"

"Ku Katete, amai."

"Ndiye ndiwe wa kum'mawa, udziwa. Pano ni pa azimai."

Kapitawo anayang'ana pansi, nayang'ana madziwo. Anavula chipewa. Sanafunsenso kanthu. Anazula yekha zikhomo zija n'kukazikhoma patali kuposa pomwe ndinkaziika ine, ndipo anyamata ake atafunsa anawauza kuti pamenepo nthaka ndi yofewa.

Pakiyo inatha patapita miyezi yambiri, kapinga wina atauma kale. Pa tsiku lobzala mitengo aliyense anapatsidwa mbande, yanga ndinakaibzala pamalo paja pamene njirayo inakhota. Lamlungu lina mwamuna wanga ananditengera kumeneko kukayenda, atavala jekete yake ya kutchalitchi. Titafika pokhotapo anadandaula kuti amisiri a masiku ano satha ngakhale kuwongola njira, kenako anati watopa, tikhale kaye pansi pomwepo. Tinakhala. Anakhala nthawi yaitali pafupi ndi mwana wake, akundisimbira za mpira.