Magazi pa Chitsononkho

Amayi anga sanali mfiti. Ndikulemba izi kuti wa kwathu ku Mavwere amene amatha kuwerenga awerengere anzake.

Chaka china amayi aang'ono, mng'ono wawo wa bere limodzi, anataya mwana wakhanda. Patapita masiku atatu chiikireni maliro, azimayi tinakhala pakhonde tikukukuta chimanga chootcha. Amayi ataluma, pachitsononkho panatsala magazi. Chiseyeye chinkawavutitsa kuyambira kale, ndipo tonse tinkadziwa. Koma amayi aang'ono anatola chitsononkho chija n'kuchikweza m'mwamba kuti aliyense aone.

"Akulu anga, magazi awa ndi a ndani? Mwandidyera mwana, m'kamwa osatsukamo n'komwe!"

Mawu amenewo anakwanira. Zitumbuwa zimene amayi ankagulitsa pasukulu zinayamba kubwerera zonse m'beseni. Kutchalitchi benchi yonse inkakhala ya iwo okha. Anayamba kuyenda atatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje, ndipo kuseka anasiyiratu. Ndikawauza za kuchipatala ankakana. "Ndikayasamulenso pamaso pa anthu? Zandikwana, mwanawe."

Mano anayamba kugwedera. Madzi ankamwa ngati ng'ombe ya pangolo, ludzu osatha. Kenako chitsa chinawabaya kuphazi m'munda wa fodya, bala osapola. Tsiku limene ndinawakakamiza kukwera kabaza kupita ku boma, phazi linali litada kale.

Namwino anawayeza magazi, n'kuwayang'ana m'kamwa. Anati ndi shuga. Anandifotokozera kuti shuga amawononga nkhama, ndipo nkhama zikatupa choncho shugayo amavutanso kutsika, ziwirizi zimadyetsana. Magazi aja linali chenjezo, akanabwera nthawi yomweyo bwenzi zili zina. Amayi sanabwererenso kumudzi ndi mapazi awo.

Pamaliro amayi aang'ono analira kuposa tonse, mpaka kudzigwetsa pansi. Ine misozi inauma ndi ukali.

Ndinadikira zaka zisanu ndi ziwiri. Moni ndinkawapatsa, mchere akapempha ndinkawapatsa, koma mumtima ndinkangoti choipa chitsata mwini.

Chaka chatha, nthawi ya chimanga chachiwisi, panali chinkhoswe cha mwana wawo wamkazi. Masana azimayi tinakhala pamphasa tikudya mondokwa, ambiri a ife omwe aja a pakhonde paja. Ndinaona amayi aang'ono aluma kawiri, ayang'ana chitsononkho, kenako akuchilowetsa pansi pa mwendo mwakachetechete. Ndinatambasula dzanja n'kuchisolola. Chinali chofiira.

Ndinaimirira, n'kuchikweza m'mwamba.

"Amayi aang'ono, magazi awa ndi a ndani?"

Iwo anakoka nsonga ya chitenje n'kutseka pakamwa, ndendende mmene ankachitira amayi. Sindinama, ndinamva kukoma.

"Ndi chiseyeye chabe, mwana wanga," anatero monong'ona.

"Kwezani mawu, kumbuyoku sakumva. Nanga cha akulu anu chija chinali chiyani?"

Anayang'ana uku ndi uku, palibe amene anawalanditsa. Omwe ankathawa benchi ya amayi onse anali atazolika.

"Chinali chiseyeye."

"Mwana wanu anamudya ndani?"

"Palibe. Anali malungo."

Ndinawaponyera chitsononkho chawo pamiyendo, ine n'kupitiriza kudya changa mpaka kumaliza.

M'mawa mwake ndinawaperekeza kuchipatala. Anawapeza ndi shuga yemweyo. Lero akumwa mankhwala, m'kamwa anawatsukamo, ndipo ndikamva kuti tsiku lawo lopita kuchipatala lakwana ndimakawakumbutsa ndine. Anthu amati ndili ndi mtima wabwino. Akunama, sindinawakhululukire. Ndikungofuna akhalitse. Njira ya kumunda kwawo imadzera m'mbali mwa manda, ndipo ndikufuna m'mawa uliwonse azidutsa pamene pagona akulu awo, akuyenda ndi mapazi awo onse awiri.