Manja a bambo Gondwe analetsedwa kukhudza mfuti

Loweruka lapitali bambo Gondwe anandiimbira foni kuti mabasi sakuyenda, ndikawatenge kuntchito. Ndi mkulu wa kutchalitchi kwathu kuno ku Bradford. Amakolopa pa kalabu ina kunja kwa tauni, kumene azungu amakawombera chandamale.

Ndinawapeza asanamalize, choncho ndinakhala pabenchi m'chipinda chimene anthu amapukutiramo mfuti zawo. Patebulo panali mzungu wina akulimbana ndi mfuti yake, ya mtundu uja umene ukangowomba chipolopolo china chimalowa chokha. Chogwirira cha kutsogolo, chija chimakuta mpope kuti dzanja lisapse, chinkagwedera. Anamanga sikuluwu imodzi mpaka nkhope kufiira, koma akachigwira, chikadali gwedegwede.

Bambo Gondwe anaimika chokolopera.

"Pepani, sikuluwuyo mukungoizunza," anatero m'Chingerezi chawo chaulemu. "Yakhwefuka ndi nati ya mkati. Chotsani chogwiriracho, mumange natiyo. Kenako masikuluwu muziwamanga mosinthana, pang'onopang'ono."

Anatambasula dzanja kuti aloze. Nthawi yomweyo woyang'anira malowo anatulukira.

"Musakhudze chonde, inu simuloledwa. Kuchimbudzi kwa amuna mwamaliza?"

Dzanja lija linabwerera m'thumba. Woyang'anirayo anatenga sipanala n'kuchita ndendende zimene bambo Gondwe ananena. Chogwirira chinalimba. Mwini mfuti anathokoza woyang'anirayo kawiri konse, pamene bambo Gondwe anali akukolopa pansi pa tebulo lomwelo.

Tili m'galimoto ndinawafunsa kuti za mfutizi anazidziwira kuti.

"Achimwene, ndinali wokonza mfuti kuusilikali kumudzi, zaka makumi awiri," anatero akuyang'ana mvula pagalasi. "Ndinkaiphwasula n'kuimanganso nditatsinzina. Woyang'anira uja sanalakwe, lamulo ndi lamulo, ine ndilibe pepala londilola kugwira mfuti. Kungoti manjawa sadziwa zimenezo."



Lamulo la mfuti la kuno sindikulidandaula. Likhale lolimba choncho, ndi limene limatithandiza kuyenda mumsewu opanda mantha. Chimene chandisowetsa mtendere sabata yonseyi ndi ine ndemwe. Bambo amenewa ndawadziwa zaka zisanu ndi chimodzi. Tayimba nawo kwaya, tagona nawo pamaliro ku Leeds. Sindinawafunsepo kuti kumudzi ankagwira ntchito yanji.

Nanga inu munafunsapo?

Tikakumana, mafunso athu ndi omwe aja: mapepala okhalira kuno anatuluka? Sabata ino muli ndi mashifiti angati? Tikangomva kuti munthu amakolopa kapena amasamalira okalamba, basi tamudziwa. Mayi amene anabereketsa amayi ambirimbiri kumudzi timangowatcha "aja a kunyumba ya okalamba." Mphunzitsi wa masamu amene amanyamula makatoni ku Rotherham ndi "aja a makatoni." Azungu akatiyesa anthu opanda dzulo timadandaula, chonsecho ifenso timachitirana zomwezo.

Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumo kakakhalitsa m'thumba kamachita dzimbiri, ndipo mwini wake amayamba kuchita nako manyazi.

Manyaziwo ndinawaona titafika pakhomo pa bambo Gondwe. Anatsegula chitseko cha galimoto, n'kukhala kaye osatsika.

"Mukalemba za ine m'nkhani zanu, dzina musinthe," anatero. "Ana anga kumudzi amadziwa kuti ndimagwira ntchito pa kalabu ya mfuti. Amaganiza kuti ndikukonzabe. Ndimangowasiya."

Dzina ndasintha, monga anapempha.

Koma mawa Lamlungu, munthu amene mukhale naye benchi limodzi uja, amene mumamupatsa moni sabata ndi sabata, kodi mukudziwa kuti anali ndani asanakwere ndege?